Tifunseni: Lupanga langa la ku Scotland lachita dzimbiri ndi chiperoni, nditani?

Mwezi uno mauthenga angapo abwera kuchokera ku Mulanje ndi Thyolo pa nkhani imene sitinaikambepo m'gawo lino, ya malupanga ofanizira akale a ku Scotland ndi a anthu akale a ku Ulaya a mtundu wa Celt. Ena anachita kupatsidwa ndi abale okhala kunja, ena anagula okha pa intaneti. Tasankhapo asanu.

FUNSO: Ankolo mwaswera bwanji. Ine ndili pa Chitakale pano, achemwali anga amagwira ntchito ya unamwino ku Glasgow nde chaka chatha atabwera ku holide anandibweretsera lupanga lija pogwirira pake pali kadengu kachitsulo kophimba dzanja, mkati muli kansalu kofiira. Ndinalipachika pabalaza lili m'chimake chake chachikopa, alendo akabwera ndimawasololera aone. Pano chiperoni changodutsachi ndasolola ndapeza madontho a dzimbiri mbali zonse ziwiri, pena mpaka pakuoneka zala za munthu. Aneba akuti ndikweche ndi phulusa ndi mandimu kenako ndipake mafuta ophikira. Ndipange zimenezo? Achemwaliwo akubweranso Disembala, sindikufuna adzalipeze chonchi.

YANKHO: Amwene, phulusa ndi mandimuzo ayi, chonde musayerekeze. Phulusa ndi mchenga zimakala chitsulo, mizere yake siidzachokanso, ndipo mandimu, viniga olo Coca-Cola zimadya dzimbiri inde koma zimadyanso chitsulo chabwinobwino nkuchisiya chotuwa mawangamawanga. Mafuta ophikira nawo pakapita masabata amanata, amanunkha, fumbi limakakamira ndipo mphemvu zimabwera.

Choyamba dziwani kuti dzimbirilo likukuuzani nkhani yabwino, lupanga lanulo mwachionekere ndi la chitsulo cha kaboni, chomwe malupanga enieni amapangira, osati stainless ya masipuni ija. Chitsulo chimenechi ndi cholimba, chimapindika nkubwerera, koma madzi sichigwirizana nawo mpang'ono pomwe. Ndiye inu mumakhala kumene mbali zina za phiri mvula imapitirira mamilimita 2,000 pachaka, kenako Juni ndi Julayi chiperoni chimabwera kudzanyowetsa olo zovala za mu wadilopu. Zala mukuzionazo ndi za alendo anu aja. Thukuta la m'manja lili ndi mchere, munthu akagwira pa chitsulo inu nkubweza m'chimake osapukuta, m'masiku ochepa chala chake chimajambulika ndi dzimbiri, mizere yonse kuoneka bwinobwino.

Pangani chonchi. Yalani thawulo lakale patebulo, lupanga ligone pamenepo nsonga italoza kopanda munthu. Dontheza parafini kapena WD-40 pa madonthowo, dikirani ola limodzi dzimbiri lifewe, pukutani ndi nsanza ya thonje. Ambiri achoka pompo. Otsalawo tengani sitilu wulu yofewetsetsa yolembedwa 0000, osati yotsukira mapoto ija, ikasowa ku hadiweya funsani sandipepa wa m'madzi wa nambala 1000 kapena 1200 amene opopera magalimoto amagwiritsa ntchito. Pakani mafuta kaye, nde muzikwecha pang'onopang'ono motsata utali wa lupanga, kuchoka ku chigwiriro kupita kunsonga, osazungulira komanso osadutsa chopingasa chifukwa mizere yopingasa imaonekera patali. Pomwe dzimbiri linalowa kwambiri patsala timadontho takuda, tisiyeni, limenelo ndi dzimbiri lakufa silikudyanso, kulimbana nato mungokumba dzenje pa chitsulo.

Mukatero pukutani ndi sipiriti, liume, kenako pakani mafuta a makina osokera, omwe aja atelala amadontheza mu Singer. Pang'ono pokha, lingonyezimira basi, asachite kuyenderera. Vaseline nayenso amagwira ntchito ngati mukulisunga nthawi yayitali osalikhudza. WD-40 ndi wochotsera madzi ndi kufewetsa dzimbiri koma sakhalitsa, musamudalire kuti ateteza miyezi. Oyilo wakuda wochotsa mu injini ayi, ali ndi zinyalala zambiri. Achemwaliwo pobwera Disembala muwatume kachitini ka Renaissance Wax, phula lomwe analipanga akatswiri a ku British Museum m'zaka za m'ma 1950, kachitini kamodzi mukhala nako zaka, ndipo kwa ife a kumvula kuno ine ndimaona kuti phula limaposa mafuta chifukwa siligwira fumbi.

Koma chachikulu ndi ichi, lichotseni m'chimake. Chikopa chimamwa chinyezi nkuchisunga, komanso mankhwala ofufutira chikopa amayambitsa dzimbiri paokha. Chimake ndi choyendera, si chosungira. Pachikani lupanga palokha, chimake pansi pake, pa matabwa awiri okhomera kukhoma la mkati mwa nyumba, osati khoma lomwe kunja kwake kumawomba mvula, ndipo chitsulo chisakhudze simenti. Kalipentala akupangireni ndi paini kapena bulugamu wouma bwino. Wina akakutsatsani thabwa la mkungudza kuti lidzanunkhira bwino mukane, mtengo umenewo watsala pang'ono kutheratu m'phirimo ndipo kudula nkoletsedwa.

Kansalu kofiirako kasakhudze mafuta. Ngati kayamba nguwi, kachotseni mosamala ngati kamachoka, kakutumuleni ndi kaburashi ka mano kouma nkukayanika pamthunzi podutsa mphepo. Chimake chipakeni polishi wa nsapato wopanda mtundu, kunja kokha. Nyengo ya mvula ndi ya chiperoni muziliyang'ana masabata awiri alionse, chilimwe kamodzi pamwezi ndi bho. Alendo aziona ndi maso, wofuna kugwira agwire chigwiriro, ndipo akangochoka inu pukutani.

FUNSO: Ankolo ine ndi mnyamata wa pa Luchenza. Ndinasunga ndalama nkuitanitsa lupanga lalikulu la manja awiri, pa intaneti analemba kuti ndi la William Wallace, pa chitsulo palembedwa 440 stainless. Litafika ndinakayesa kutema thunthu la nthochi kuseri, kachitatu chigwiriro chinayamba kugwedera, pano likumalira khwekhwe ndikaligwedeza. Mnzanga wowotcherera akuti angoliwotcherera nkulinola pa galainda. Zitheka?

YANKHO: Amwene, uthenga wanu wandidetsa nkhawa kwambiri, siyani kutema nalo lero lomwe. Mwapulumuka, ndipo amene anaima pafupi kumaonerera apulumukanso.

Vuto lili mkati mwa chigwiriro momwe simukuonamo. Lupanga lili ndi msuka monga khasu, chitsulo chopitirira kulowa mu chigwiriro. Pa lupanga lenileni msukawo ndi chitsulo chimodzi ndi lupanga lonse, wotambalala, umadutsa mpaka kumapeto nkukhomereredwa ndi hamala. Pa malupanga otchipa okongoletsera khoma amangotenga kawaya konenepa ngati pensulo, kuwotcherera kumapeto kwa chitsulo, kumanga ndi nati basi. Mukatema mwamphamvu kamathyokera powotchererapo, inu mumatsala ndi chigwiriro m'manja, chitsulo chopitirira mita chikuuluka chokha kulowera komwe chafuna. Kugwedera mukumvako mwina ndi nati yamasuka, mwinanso ndi mng'alu wayamba. Chinanso stainless ngati 440 kapena 420 ndi yabwino pa mpeni waufupi wa kukhitchini, koma ikatalika chonchi imakhala yosachedwa kuthyoka, simapindika nkubwerera.

Kuwotcherera sikuthandiza, moto umafewetsa chitsulo pafupi ndi powotchapo nde mpamene padzathyokere. Galainda nayo imatenthetsa mpaka chitsulo kusintha mtundu, ndipo mukhala mwanola chinthu chomwe sichingapirire kutema. Masulani chibulunga cha kumapetocho, yang'anani, ngati palibe mng'alu mangitsani nati nkulipachika kukhoma, ntchito yake ndi imeneyo ndipo ubwino wake silikuvutitsani ndi dzimbiri ngati la amwene a pa Chitakale aja. Musakhumudwe kuti ndalama zapita pachabe, lokongoletsera nalo ndi lupanga la m'gulu lake, cholakwika ndi ogulitsa amene sanena poyera. Ulendo wina yang'anani ngati alemba mtundu wa chitsulo, manambala a chitsulo cha kaboni ngati 1060, 1095, 5160 kapena EN45, ndipo apempheni chithunzi cha msuka chigwiriro chitachotsedwa. Akazemba nkhani imeneyo dziwani kuti ndi la kukhoma. Zoyesa ndi maginito kuti muone ngati si stainless musadalire, 440 nayo maginito amaigwira.

Za Wallace, lupanga lotchedwa lake lilipodi, lili ku National Wallace Monument pafupi ndi Stirling, nsanja yomwe inatsegulidwa mu 1869. Ndi lotalika masentimita 163, kulemera pafupifupi makilogalamu 2.7. Wallaceyo anagonjetsa Angerezi pa mlatho wa Stirling mu 1297, anaphedwa ku London mu 1305. Lupangalo linakhala nthawi yayitali ku Dumbarton Castle lisanapite ku nsanjako mu 1888, ndipo zolembedwa za mu 1505 zimasonyeza kuti mfumu James IV analipira kuti alikonzere chigwiriro chatsopano. Akatswiri ambiri amakayika ngati Wallace analigwiradi, chifukwa maonekedwe ake ndi a zaka za m'ma 1500. Komanso ambiri ogulitsidwa ndi dzina lake pa intaneti anatengera la mu filimu yonena za iye, osati la ku Stirling. Claymore yeniyeni, lomwe ndi dzina la lupanga la manja awiri la ku mapiri a Scotland, mudzaizindikira ndi mikono iwiri yotchinjiriza dzanja yopendekera kutsogolo kunsonga, kumapeto kwake kuli timphete tinayi togundana, utali wake cha m'ma 140 sentimita, ndipo siilemera mmene anthu amaganizira, makilogalamu awiri ndi theka basi. Mukagula kope lolemera makilogalamu anayi kapena asanu ndiye kuti wopangayo sanalione lenilenilo.

FUNSO: Zikomo ankolo. Ndine mayi wa ku Thyolo kuno. Malemu bambo anga anali khukhi pa esiteti ina ya tiyi, bwana wawo pobwerera kwawo anawasiyira lupanga la kadengu, lakhala m'sutikesi zaka zambirimbiri. Ndi lakuda bii, pa chitsulo pakuoneka mawu oti ANDREA FERARA. Mwana wanga akuti tilipukute liwale tikagulitse, munthu wina wa ku Limbe wanena kale mtengo. Kodi ndi lakaledi?

YANKHO: Mayi, pepani ndi imfa ya bambo, ndipo mwachita bwino kufunsa musanapange kanthu. Musalipukute kuti liwale. Ngati lili lakaledi, kuda kumeneko ndi gawo la mtengo wake, ogula zinthu zakale akaona kuti lakwechedwa ndi sandipepa mtengo umagwa kwambiri ndipo sizibwezeka. Malangizo ndapereka pamwambapa a sitilu wulu ndi a malupanga atsopano, lanuli lingopukutani fumbi ndi nsalu youma, mafuta a makina pang'ono pa chitsulo kuti dzimbiri lofiira liime, mulichotse m'sutikesimo ngati mumalowa chinyezi, basi.

Dzinalo palokha silitsimikizira kanthu. Andrea Ferrara anali wosula malupanga wa ku Italy wa zaka za m'ma 1500, dzina lake linatchuka kwambiri ku Scotland mpaka osula a ku Solingen ku Germany ankangolidinda pa zitsulo zawo kwa zaka zoposa 100 mwini wake atamwalira, kalembedwe kake kosiyanasiyana, pena R mmodzi pena awiri. Zoona zake malupanga ambiri a kadengu a nthawi imeneyo chitsulo chinkachokera ku Germany, a ku Scotland ankapanga kadengu kokha, ndipo amisiri odziwika anali ngati John Simpson wa ku Glasgow ndi Walter Allan wa ku Stirling. Malupanga otere ndi amene anthu a Charles Edward Stuart, kalonga amene ankamenyera ufumu wa Britain, analowa nawo pa nkhondo ya Culloden pafupi ndi Inverness pa 16 Epulo 1746, anagonja pasanathe ola, kenako boma la Britain linakhwimitsa lamulo lolanda zida anthu a ku mapiriko. Koma m'zaka za m'ma 1800 zinthu za ku mapiri a Scotland zitalowa m'fasho anapanganso makope ambiri okongoletsera nyumba, ndipo mpaka lero mafakitale amadindabe dzina lomwelo.

Palinso njira yachitatu imene ine ndikuiganizira kwambiri poona komwe lachokera. Asilikali akuluakulu a magulu a ku Scotland ankanyamula lupanga la kadengu la mtundu wa 1828, ndipo amalinyamulabe pa perete. Azungu ambiri a m'maesiteti anali oti anagwirapo usilikali, komanso a ku Scotland kuno analipo ochuluka, kuyambira pa mishoni ya Blantyre ya 1876 ija mpaka olima tiyi oyambirira ku Mulanje m'ma 1890. Ndiye yang'anani pafupi ndi chigwiriro ndi tochi ya foni mowalitsa chammbali, muone ngati pali chisoti chachifumu, zilembo zoimira mafumu a Britain ngati VR kapena GR, maluwa a minga ojambulidwa, dzina la kampani ndi mzinda, kapena nambala pamsana pa chitsulo. Jambulani zonsezo, kadengu mbali zinayi, yezani utali ndi tepi, mulembenso dzina la esiteti ndi zaka zomwe bambo anagwira kumeneko chifukwa mbiri ya komwe chinthu chachokera imawerengedwa. Zithunzizo kaonetseni ku Museum ya ku Chichiri kapena ku Society of Malawi ku Mandala House, angakulozereni kwa odziwa.

Wa ku Limbeyo adikire. Munthu wofulumira kunena mtengo asanafufuze nthawi zambiri waona kanthu komwe inu simunaone. Ndipo mukhale pansi ndi abale anu onse kaye, ichi ndi cha malemu, chisadzabweretse mawu pambuyo.

FUNSO: Ankolo ndine mphunzitsi wa Histole pa sekondale ina kufupi ndi Limbuli. Ndikufuna ndiyambe kutolera pang'onopang'ono, zina ndizionetsa ana. Koma pa intaneti akungosakaniza, lupanga la Celtic, la Scottish, kusiyana kwake nkotani? Nanga wosula wa kwathu kuno sangandipangire?

YANKHO: Aphunzitsi, kusiyana kwake ndi kwa zaka pafupifupi 2,000, ogulitsa amangoziika mulu umodzi kuti malonda ayende. Za ku Scotland takambazi ndi za m'ma 1400 mpaka 1700. Malupanga a anthu a Celt ndi a nthawi Yesu asanabadwe, ndipo ambiri sanapezeke ku Scotland nkomwe. Malo awiri otchuka ndi Hallstatt ku Austria, ndi La Tène m'mbali mwa nyanja ya Neuchâtel ku Switzerland komwe kuyambira 1857 anavuula malupanga ambiri achitsulo, ena ali m'zimake zawo. Nyengo ya La Tène imayamba cha m'ma 450 BC. Malupanga ake ndi a dzanja limodzi, akuthwa konsekonse, alibe mikono yayitali yotchinjiriza dzanja, ndipo zimake zake zambiri zinali za chitsulo chopyapyala chojambulidwa mizere yopotanapotana, osati chikopa. Palinso ena aafupi omwe chigwiriro chake anachiumba ngati munthu wotambasula manja ndi miyendo, kamutu kali pamwamba, amenewo makope ake ndi osavuta kupeza ndipo ana angawakonde.

Limodzi loti muwaonetse chithunzi ndi la ku Kirkburn ku East Yorkshire, linapezeka m'manda mu 1987, ndi la zaka za pakati pa 300 ndi 200 BC, pano lili ku British Museum. Chigwiriro chake chokha anachilumikiza ndi tizidutswa 37 ta chitsulo, mkuwa ndi nyanga, nkukongoletsa ndi galasi lofiira. Ndipo pali nkhani yabwino yokambirana m'kalasi: Mgiriki wolemba mbiri Polybius analemba kuti pa nkhondo zawo ndi Aroma malupanga a anthu a Celt ankapindika akangotema kamodzi mpaka kumawongola ndi phazi. Ofukula zakale apezadi malupanga ambiri opindidwa, koma ochuluka anapindidwa dala pa mwambo wa maliro kapena nsembe, nde ana afunseni, wolemba wa mbali ya Aroma pofotokoza za adani awo tizimukhulupirira mpaka pati?

Chenjerani ndi aja odzaza ndi mfundo zolukanalukana pa chigwiriro nkumati Celtic. Zoluka zimenezo zinatchuka ndi amonke achikhristu cha m'ma 700 ndi 800 AD, msilikali wa ku La Tène sanazionepo. Ndi okongola inde koma pophunzitsa angasokoneze ana.

Maganizo anga, musathamangire kuchuluka. Limodzi labwino lotengera lupanga lenileni la mu museum, loti wogulitsa akutchula komwe anatengera, likuposa asanu ongopeka. Makampani ngati Windlass ya ku India amapanga a mtengo wapakati, Albion ya ku America ndi odula kwambiri. Muwerengeretu zotumizira ndi msonkho, chinthu chachitali chonchi zotumizira zokha zimatha kufanana ndi mtengo wake. Poti ndi za kusukulu sankhani losanola, ndipo a hedi adziwe.

Za wosulayo ine ndikuvomereza ndi mtima wonse. Masipulingi a lole omwe amasulira nkhwangwa ndi mipeni ndi chitsulo cha gulu lomwelo ndi 5160. La mtundu wa La Tène ndi losavutirapo kusiyana ndi la kadengu, mpatseni chithunzi ndi miyezo, msuka ukhale chitsulo chimodzi, chigwiriro cha mtengo wolimba ndi nyanga ya ng'ombe. Povuta ndi powumitsa chitsulo chachitali chonchi mofanana pa moto wa makala, chimatha kupotoka kapena kung'aluka, choncho limenelo likhale loonetsa basi, losanola, osatemera. Pa mkuwa pakayamba zobiriwira, Brasso pang'ono pa nsanza, osafikitsa pa mtengo kapena chikopa.

FUNSO: Ankolo, amuna anga apachika lupanga pabalaza koma tili ndi ana awiri ang'onoang'ono, komanso akufuna adzapite nalo ku ukwati wa mphwawo ku Bvumbwe kukajambulitsa. Ine mtima sukundikhazikika. Ndikulakwitsa?

YANKHO: Simukulakwitsa mayi. Olo losanola nsonga yake imabaya, ndipo kulemera kwake kokha likagwera mwana ndi ngozi. Likwere pamwamba poti mwana sangafike olo atakwera pampando, limangidwe ndi waya ku matabwa ake kuti lisagwe chitseko chikamenyetsedwa, apo ayi lilowe mu kabati ya galasi yokhoma ndi kiyi, muikemo timapaketi ta silika tija timabwera m'makatoni a nsapato kuti tizimwa chinyezi.

Za ku ukwati ine ndikuti ayi. Wapolisi pa rodibuloko saona chokongoletsera, amaona chida, ndipo pa ukwati pamakhala anthu oti alawako, wina adzafuna kulisolola kuti naye ajambulitse. Ngati mphwawoyo akulifunitsitsa pa chithunzi, akwati adzabwere kunyumba tsiku lina adzajambulire pabalaza pomwepo. Tsiku lomwe lidzafunike kuyenda, mwina posamuka, bambo ayambe afunsa ku polisi ya kwanuko, alikulunge mu bulangete nkulimanga ndi zingwe, likhale ku buti. Ndipo nonse amene mukufuna kuitanitsa kunja, funsani a MRA ndi apolisi musanalipire ndalama, osati katundu atafika kale pa Chileka.